Mlandu suwola: mkangano wa Einstein unathera pa masewera

Akuluakulu anati mlandu suwola. Kusayansi nakonso ulipo mlandu umene unatenga zaka 80 usanagamulidwe bwinobwino.

M'chaka cha 1935, Albert Einstein, Boris Podolsky ndi Nathan Rosen analemba kuti chiphunzitso cha quantum n'choperewera. Chiphunzitsochi chimati tinthu tiwiri ting'onoting'ono tikachokera pamodzi timakhalabe togwirizana ngakhale titatalikirana chotani. Einstein ankati tinthuto timasiyana titapangana kale zochita, kungoti panganolo ife sitiliona. Niels Bohr anamuyankha chaka chomwecho, koma panalibe njira yodziwira wolondola.

Njirayo anaipeza mu 1964 ndi John Bell, mbadwa ya ku Belfast. Mu 1969 Clauser, Horne, Shimony ndi Holt anaikonza kuti iyesedwe, ndipo masiku ano amaifotokoza ngati masewera. Anthu awiri amawatsekera m'zipinda zosiyana. Woweruza amachita maere n'kupatsa aliyense nambala, 0 kapena 1, ndipo aliyense amayankha 0 kapena 1. Amapambana mayankho awo akafanana, koma onse awiri akalandira 1, mayankhowo ayenera kusiyana. Ngakhale apangane mochenjera bwanji asanalowe, malire awo ndi kupambana katatu pa kanayi, kapena kuti 75 peresenti. Koma akagawana tinthu togwirizana tija, aliyense n'kuyeza kake asanayankhe, amafika pa 85 peresenti popanda kutumizirana uthenga.

Chigamulo chagona pamenepa. Likanakhala pangano chabe monga ankanenera Einstein, malire a 75 sakanapyoledwa. John Clauser ndi Stuart Freedman anayesa ku Berkeley mu 1972, Alain Aspect ku Orsay mu 1982, ndipo malirewo anapyoledwa. Mu 2015 akatswiri a ku Delft, atatalikitsa ma electron awo makilomita 1.3, anatseka mipata ikuluikulu imene okayikira ankathawiramo.

Mu 2022 Aspect, Clauser ndi Anton Zeilinger analandira mphoto ya Nobel. Bell anali atamwalira kale mu 1990, Einstein mu 1955.

Musaganize kuti ndi za ophunzira okhaokha. Mu 1991 Artur Ekert anaonetsa kuti kuyeza komweku kungateteze mauthenga achinsinsi, chifukwa womvetsera mobisa amasokoneza mgwirizano wa tinthu tija ndipo nambala imatsika. Funso limene Einstein anafunsa pofuna kutsutsa ndi limene linabala njira yogwirira kazitape.