Usafunse, usanene: lamulo lomwe linatseka asilikali a ku America pakamwa

Mu Malichi 1778, ng'oma zinalira pa msasa wa asilikali wa Valley Forge, koma kunalibe mdani. Ankathamangitsa mnzawo, Frederick Gotthold Enslin, yemwe anapezeka wolakwa pa mlandu wofuna kugona ndi msilikali mnzake wamwamuna. George Washington mwiniwakeyo ndiye anavomereza kuti munthuyu achotsedwe mochititsa manyazi. Nkhani yomwe inayamba tsiku limenelo inatenga zaka 233 kuti ifike pamapeto.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, madokotala a zamaganizo ankafufuza anyamata ofuna kulowa usilikali pofuna kupeza okonda amuna anzawo. Ogwidwa ali kale m'kati ankapatsidwa chikalata cha buluu chowachotsa ntchito, ndipo ambiri sankalandira thandizo lomwe boma limapereka kwa asilikali opuma. Olemba ntchito akaona pepalalo ankangokwinya nkhope.

Yemwe anaika nkhaniyi pambalambanda anali Leonard Matlovich wa gulu la nkhondo la mumlengalenga. Anapita katatu ku nkhondo ya ku Vietnam, anavulala, n'kulandira mamendulo a Purple Heart ndi Bronze Star. Mu 1975 analembera yekha kalata mkulu wake, kumuuza kuti amakonda amuna anzake. Palibe anamugwira; anachita dala kuti mlanduwo ukafike kukhoti. Chithunzi chake chinatuluka pachikuto cha magazini ya Time mu Sepitembala chaka chomwecho, koma ntchito inamuthera. Mu 1982, unduna wa zachitetezo unalemba mosapsatira mawu kuti munthu wotere ndi usilikali siziyendera limodzi.

Bill Clinton, pokopa anthu mu 1992, analonjeza kuchotsa chiletsocho. Atalowa m'boma anakumana ndi mwala. Akuluakulu a asilikali, motsogozedwa ndi Colin Powell, anakana, ndipo phungu Sam Nunn anaima nawo. Iwo ankati asilikali amagona m'chipinda chimodzi, kusamba malo amodzi, ndiye umodzi wa gulu usokonekera. Zotsatira zake zinali lamulo la 1993 lotchedwa Don't Ask, Don't Tell: akuluakulu asakufunse, iwenso usanene.

Makolo athu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo lamuloli linavumbwadi. Ofuna chiletso sanakhutire, ofuna ufulu sanakhutirenso. Choipitsitsa n'chakuti gulu lomwe limaphunzitsa msilikali kusanama linamulamula kubisa moyo wake tsiku ndi tsiku. Chithunzi cha wokondedwa sichikanaikidwa patebulo. Kalata yochokera kunkhondo inkalembedwa mozungulira. Msilikali akafera kutali, boma silinkadziwa n'komwe kuti kunyumba kuli wina wofunika kumuuza za malirowo. Ife a Chichewa mwina sitingamvetse msanga vuto lina: kwathu mawu oti "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, koma m'Chingelezi kamawu kamodzi kotuluka mwangozi pocheza kankatha kumuchotsetsa munthu ntchito.

Kusafunsako nakonso kunali kwa papepala chabe. Asilikali oposa 13,000 anachotsedwa lamuloli lisanathe, ena mwa iwo omasulira Chiarabu, pa nthawi yomwe dzikolo linkasowa anthu otere ku Iraq. Chodabwitsa, chiwerengero cha ochotsedwa chinatsika kwambiri nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq zitayamba. Ngati anthuwa analidi oopsa ku umodzi wa gulu, bwanji ankasungidwa pa nthawi yomwe umodziwo unkafunika koposa? Chinsinsi sichinatetezenso aliyense: mu 1999 Barry Winchell anaphedwa ndi msilikali mnzake ali mtulo ku Fort Campbell, atazunzidwa miyezi ingapo ndi mphekesera.

Uku n'kuti mayiko ena atapita kale patsogolo. Netherlands inachotsa chiletso mu 1974, Canada mu 1992, ndipo Britain inatsatira mu Januwale 2000 itagonja ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu. South Africa, komwe mu nthawi ya tsankho asilikali otere ankawagwiritsa magetsi poti akuwachiza, inaletsa tsankholi m'malamulo ake aakulu a 1996.

Ku America zinthu zinathamanga mu 2010. Mu Sepitembala, woweruza Virginia Phillips anagamula kuti lamuloli likutsutsana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Kafukufuku wa unduna wa zachitetezo anapeza kuti asilikali pafupifupi 70 pa 100 aliwonse sankaona choopsa chenicheni pa kusinthaku. Pa 18 Disembala, aphungu a nyumba ya Senate anavota 65 kwa 31, ndipo Barack Obama anasaina pa 22 Disembala. Chiletsocho chinatheratu pa 20 Sepitembala 2011.

Chisokonezo chomwe ankalosera chija sichinaoneke. Mu 2016, Eric Fanning, yemwe sankabisa kuti amakonda amuna anzake, anakhala mkulu woyang'anira gulu la nkhondo la pamtunda. Matlovich sanazione izi. Anamwalira mu 1988, ndipo manda ake ali ku Congressional Cemetery mumzinda wa Washington.