Wilo ndi kagawidwe ka chuma cha masiye: zomwe lamulo likunena

Nkhani za chuma cha masiye m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act lomwe Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa m'chaka cha 2011. Lamuloli lidalowa m'malo mwa lamulo lakale la m'chaka cha 1967, lomwe linkapereka gawo la chuma kwa achibale olowa chuma potsata mwambo, zomwe nthawi zambiri zinkasiya amayi amasiye ndi ana ali manja lende. Maziko a lamulo latsopanoli ali m'gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limaletsa mchitidwe wolanda amayi katundu, kuphatikizapo katundu amene asiyiridwa ndi omwalira.

Wilo ndi chiyani

Wilo ndi chikalata chomwe munthu amalemba akadali moyo pofotokoza momwe chuma chake chidzagawidwire iye akadzamwalira. Munthu aliyense amene wakwanitsa zaka 18 ndipo mutu wake ukuyenda bwino ali ndi ufulu wolemba wilo, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, wolemera kapena wa chuma chochepa.

Kuti wilo ikhale yovomerezeka, iyenera kukhala yolembedwa, osati yapakamwa. Mwini wake ayenera kusayina pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, ndipo mbonizo zisayinenso pamaso pa mwini wiloyo. Munthu wosadziwa kulemba akhoza kudinda chala. Ndi bwino kusankha mboni zomwe sizidzalandira kanthu m'wiloyo, chifukwa mboni yomwe ilinso m'gulu la olandira ikhoza kutaya gawo lake.

Zoyenera kulembamo

Wilo yabwino imatchula katundu momveka bwino: nyumba ndi nambala ya puloti, galimoto, ziweto, ndalama za kubanki, masheya komanso bizinesi. Imatchulanso mayina onse a olandira ndi zomwe aliyense adzalandire. Ana onse, ngakhale obadwa kunja kwa banja, ayenera kuganiziridwa, pakuti lamulo silisiyanitsa ana potengera mmene adabadwira.

Mwini wilo amasankhanso munthu wokhulupirika amene adzayendetse chumacho, ndipo akhoza kutchula yemwe adzalere ana aang'ono. Ngongole nazo ndi zofunika kuzilemba, chifukwa ngongole, ndalama zoyendetsera maliro ndi msonkho zimayamba zalipiridwa chuma chisanagawidwe. Munthu sangagawe katundu yemwe si wake, choncho gawo la mkazi kapena mwamuna pa katundu amene banja lidapezera limodzi silingaperekedwe kwa wina kudzera m'wilo.

Ufulu wa mwini wilo uli ndi malire. Mkazi, mwamuna kapena mwana amene wasiyidwa wopanda thandizo lokwanira akhoza kukadandaula kubwalo la milandu, ndipo bwalo lili ndi mphamvu zomupatsa gawo.

Kusunga ndi kusintha wilo

Wilo yosapezeka ili ngati wilo yosalembedwa. Chikalatachi chikhoza kusungidwa kubwalo la milandu, kubanki kapena kwa loya, ndipo woyendetsa chuma ayenera kudziwa komwe chili. Mwini wake akhoza kuisintha kapena kulemba ina nthawi iliyonse akadali moyo. Ndi nzeru kuionanso munthu akalowa m'banja, banja likatha, mwana akabadwa kapena akagula katundu wamkulu.

Munthu akamwalira wopanda wilo

Pamene palibe wilo, chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wa malemuyo, ana ake, komanso anthu amene ankadalira thandizo lake pa moyo wawo, monga makolo okalamba. Cholinga choyamba ndi kuteteza anthuwa kuti asavutike. Wamasiye amasunga katundu wa m'nyumba yemwe banja linkagwiritsa ntchito, ndipo pakati pa ana, wamng'ono amayenera kulandira gawo lokulirapo chifukwa ulendo wake wa sukulu ndi chisamaliro udakali wautali.

Amalume, abale ndi alongo a malemu salandira kanthu pongotengera ubale ngati mkazi, mwamuna kapena ana alipo. Mwambo wa chikamwini kapena wa lobola sungapose lamuloli pa nkhani ya chuma cha masiye.

Asanagawe chilichonse, oyendetsa chuma ayenera kutenga chilolezo kubwalo la milandu. Ngati pali wilo, bwalo limayamba laitsimikiza. Ngati palibe, limapereka makalata oyendetsera chumacho. Pofunika chiphaso chotsimikiza imfa chochokera ku National Registration Bureau. Ofesi ya Administrator General, yomwe ili pansi pa Unduna wa Zachilungamo, pamodzi ndi maofesi a abwanamkubwa m'maboma, amathandiza mabanja pa ntchitoyi.

Penshoni ndi ndalama za kuntchito

Ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani ayenera kudziwa kuti ndalama za penshoni zili ndi njira yakeyake. Malamulo a penshoni, omwe adakhazikitsidwa m'chaka cha 2011 ndi kukonzedwanso mu 2023, amapatsa wogwira ntchito mwayi wolemba mayina a omwe adzalandire ndalamazi iye akamwalira. Fomu yomwe munthu adalemba atangoyamba ntchito ali mbeta ikhoza kukhala yopanda mayina a mkazi ndi ana. Choncho ndi udindo wa aliyense kupita ku ofesi yoona za ogwira ntchito kukaonetsetsa kuti mayinawo ndi oyenera.

Matenda ndi maliro

Kawirikawiri wilo imawerengedwa maliro ataikidwa kale. Pa chifukwa ichi, zofuna za munthu pa komwe adzaikidwe, mtundu wa mwambo wa maliro komanso yemwe angalankhule ndi madokotala iye atadwalika ziyenera kukambidwa ndi banja nthawi ikadalipo. Kukambirana koteroko kumachepetsa mikangano pakati pa akuchimuna ndi akuchikazi, komanso kumaletsa kuwononga pa maliro ndalama zomwe ana akadaphunzirira.

Chilango kwa olanda chuma

Kulanda, kubisa kapena kugulitsa chuma cha masiye popanda chilolezo ndi mlandu. Wopezeka wolakwa akhoza kulipira chindapusa chosachepera mtengo wa katunduyo komanso kukhala kundende zaka 10, ndipo bwalo limalamula kuti katunduyo abwezedwe. Olandidwa chuma akhoza kukanena kupolisi, makamaka ku ofesi ya Victim Support Unit, kwa bwanamkubwa, kapena ku Legal Aid Bureau komwe anthu osowa ndalama zolipirira loya amathandizidwa.

Anthu ena amaopa kuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa, koma chikalatachi sichigwira ntchito mpaka mwini wake atamwalira, ndipo iye amakhalabe ndi mphamvu zonse pa katundu wake masiku onse a moyo wake.