Sukulu za CDSS ndi kusiyana kwa thandizo la boma ku sekondale

Sukulu za Community Day Secondary School, zomwe anthu amangozitchula kuti CDSS, ndi sukulu za sekondale zoyendera zomwe zili m'manja mwa boma koma zambiri zidamangidwa ndi anthu a m'madera momwe zilimo. Ndi zomwe zimalandira ana ambiri mwa amene amasankhidwa kupita Fomu 1 m'dziko muno.

Zidayamba ngati malo ophunzirira a Malawi College of Distance Education, kumene ana osasankhidwa ankawerenga mabuku otumizidwa mothandizidwa ndi mphunzitsi wa pulaimale. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya pulaimale mu 1994, ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo zidaonekeratu kuti sekondale zomwe zidalipo sizikwanira. Mu 1998 malowa adasandutsidwa CDSS. Dzina lidasintha msanga, koma nyumba, mabuku ndi aphunzitsi zidatsalira m'mbuyo.

Mwana akalemba mayeso a PSLCE omwe amayendetsa a MANEB, Unduna wa Zamaphunziro umasankha motsata malikisi. Opambana kwambiri amapita ku sukulu zotenga ana a dziko lonse monga Blantyre Secondary, Dedza Government, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, kapena za mishoni zothandizidwa ndi boma monga Marymount ndi Chaminade. Otsatira amapita ku sekondale za m'maboma, zogonera komweko kapena zoyendera. CDSS imabwera pomalizira, ndipo imatenga ana a m'sukulu zoizungulira.

Apa ndiye pagona nkhani ya chilungamo. Mwana wopita ku sukulu ya dziko lonse amapeza labotale, laibulale, chakudya ndi aphunzitsi a digiri. Mnzake wa ku CDSS yakumudzi kawirikawiri amaphunzira sayansi pabolodi pokha, chonsecho pa MSCE onse amakumana ndi pepala limodzi. Amene adayamba kale ali patsogolo ndi amene boma limamuikira zambiri. Ngakhale pakati pa ma CDSS pali kusiyana: ena ali ndi bajeti yawoyawo yochokera ku Treasury, pamene ena amadikira gawo lawo kudzera ku ofesi za zigawo zisanu ndi chimodzi za maphunziro. Kwa zaka zambiri mpata wotsalawo ankatseka ndi makolo, omwe ankaumba njerwa ndi kusonkha ndalama za chitukuko, ndipo nthawi zambiri ndiwo anali osauka kwambiri.

Mtunda nawo umalemera. Atsikana ochokera kutali amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, kudziphikira okha popanda wowayang'anira, ndipo ena sabwerera m'kalasi.

Boma lakhala likuyesa kuchepetsa mpatawu. Domasi College of Education yasula aphunzitsi ambiri a m'ma CDSS kuti apeze dipuloma akugwira ntchito, ndipo m'madera ena mwamangidwa mahositelo a atsikana ndi malabotale. Njira yosankhira ana, yomwe imaika CDSS pansi pa zonse, idakalipo.