Nkhokwe Yaikulu, Chimanga Chochepa: Mbiri ya Cinerama

Madzulo a pa 30 Seputembala 1952, anthu amene anadzaza nyumba ya zisudzo ya Broadway Theatre ku New York anayamba n'kuona kachithunzi kakang'ono kakuda ndi koyera. M'kachithunzimo Lowell Thomas, mtolankhani wotchuka wa pa wailesi, ankafotokoza mbiri ya zithunzi. Kenako makatani anayamba kutseguka, n'kumangotsegukabe, mpaka chinsalu chopindika ngati uta chinawazinga kumanja ndi kumanzere. Posakhalitsa onse anali ngati akhala pampando wakutsogolo wa kasitima ka kumalo azisangalalo, kakukwawa kukwera njanji, kenako n'kutsetsereka ndi liwiro loimitsa mtima. Filimuyo inali This Is Cinerama.

Mwini luso limeneli, lotchedwa Cinerama, anali Fred Waller. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, iye anapanga makina ophunzitsira asilikali kuwombera ndege, oonetsa zithunzi pa chinsalu chopindika. Waller ankadziwa kuti munthu amamva kuti ali mkati mwa malo chifukwa cha zimene diso limaona cham'mbali, osati zakutsogolo zokha.

Ndiye anapanga kamera ya maso atatu, yojambula pa matepi atatu nthawi imodzi. M'nyumba ya kanema munkakhala makina atatu oonetsera, m'tizipinda titatu, alionse akuwalitsa gawo lake la chinsalu. Chinsalucho sichinali nsalu imodzi ayi: chinali timizere toimirira toposa 1,000, toikidwa motero kuti kuwala kwa mbali imodzi kusafiitse chithunzi cha mbali inayo. Mawu, omwe anakonza Hazard Reeves, ankayenda pa tepi yachinayi m'njira 7. Tepi imodzi ikaduka, woyendetsa makina ankalumikizapo chidutswa chakuda cha utali womwewo, kuopa kuti matepi atatuwo angasiyane mayendedwe chithunzi n'kusweka.

Nthawiyo wailesi yakanema inali itayamba kulanda anthu m'nyumba za kanema ku America, ndipo Cinerama inaoneka ngati mankhwala ake. Filimu yoyambayo inaonetsedwa ku New York kwa zaka zoposa ziwiri. Eni nyumba m'mizinda ina anathira ndalama zambiri, kuzula mipando ndi kumanga tizipinda ta makina.

Atamaliza kumanga nkhokwe, anaona kuti chimanga n'chochepa. Filimu yachiwiri, Cinerama Holiday, sinatuluke mpaka mu 1955. Pofika 1958 kampani ya Cinerama inali itapanga mafilimu asanu okha, ndipo onse anali a maulendo: mapiri, nyanja, mizinda ndi magule a maiko akutali. Munthu amene anaona kale mathithi kawiri analibe chomubwezanso kachitatu.

Gwero la vutoli linali kamera yomweyo. Inali yolemera, maso ake sankasinthika, ndipo sinkatha kuyandikira nkhope ya munthu bwinobwino, chikhalirecho nkhani ya chikondi kapena ya chisoni imakhala pa nkhope. Pokumana zithunzi zitatuzo pankaoneka mizere iwiri, choncho ojambula ankasakasaka mtengo, mzati kapena ngodya ya nyumba yoti ibise msokowo. Ochita sewero awiri akaima m'magawo osiyana, aliyense ankauzidwa kuyang'ana pambali pa mnzake, kuti pa chinsalu chopindika aoneke ngati akuyang'anana m'maso.

Mafilimu a nkhani anabwera mu 1962, mogwirizana ndi kampani ya MGM: The Wonderful World of the Brothers Grimm ndi How the West Was Won. Yachiwiriyi inakopa anthu ambiri n'kupata mphoto zitatu za Oscar, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Kuyambira 1953, CinemaScope ya kampani ya 20th Century Fox inkapereka chithunzi chotambalala ndi makina amodzi okha, ndipo mafilimu ake ankatuluka motsatizana. Nyumba ya Cinerama Dome ku Hollywood itatsegulidwa mu 1963, inayamba ndi filimu ya tepi imodzi ya mamilimita 70. Filimu ya matepi atatu inadzaonetsedwa m'nyumbayo koyamba mu 2002.

IMAX, luso linanso la chinsalu chachikulu, inadutsa njira yomweyi koma inapulumuka. Anthu a ku Canada, Graeme Ferguson, Roman Kroitor, Robert Kerr ndi William Shaw, anataya matepi atatu n'kugwiritsa ntchito tepi imodzi yaikulu yoyenda chopingasa. Filimu yawo yoyamba, Tiger Child, inaonetsedwa pa chionetsero cha Expo 70 ku Osaka, ndipo nyumba yoyamba yokhazikika inatsegulidwa ku Toronto mu 1971. Kwa zaka pafupifupi 30, IMAX inkadalira nyumba zosungira zinthu zakale ndi za sayansi, kuonetsa mafilimu aafupi a zachilengedwe ndi za mlengalenga. Zinthu zinatembenuka mu 2002, pamene kampaniyo inapeza njira yokulitsira mafilimu a ku Hollywood pa kompyuta, kuyambira ndi Apollo 13. Christopher Nolan anajambula zigawo zina za The Dark Knight ya 2008 ndi makamera a IMAX enieni, ndipo opanga mafilimu ena anatsatira.

Amene anamanga Sphere ku Las Vegas akuoneka kuti mbiriyi anaiwerenga. Chinyumba chobulungirachi, chomwe chinadya madola 2.3 biliyoni, chinatsegulidwa pa 29 Seputembala 2023 ndi oimba a U2. Chinsalu chake cha magetsi chimadutsa pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo filimu wamba singachidzaze. Chisanatsegulidwe n'komwe, eni ake anali atakhazikitsa kale malo awoawo opangira mafilimu ku Burbank, ku California, ndi kupanga kamera yawoyawo yotchedwa Big Sky.

Komabe filimu yoyamba, Postcard from Earth ya Darren Aronofsky, inalinso yodzaza ndi maulendo oona dziko, ngati ija ya 1952. Pofuna nkhani yoti anthu abwerere, eni Sphere anatenga The Wizard of Oz ya 1939, n'kugwira ntchito ndi Google kuti makompyuta ajambule zimene kamera yakale inasiya kunja: minda, thambo ndi anthu oima cham'mbali. Inayamba kuonetsedwa mu Ogasiti 2025, ili ndi zaka 86.