Dimba lathuli linachokera kuti?

Pa msonkhano wa Loweruka lapitali tinatsutsana mpaka dzuwa kulowa: ndalama za m'thumba la kalabu tigulire feteleza, kapena tiyambe kusonkhera pampu? Ine ndinangokhala duu, koma nditafika kunyumba ndinafunsa agogo, n'kufukulanso makope anga a ku sekondale. Ndiye werengani mpaka pansi anzanga, osangodina chala n'kudutsa.

Dimba silinabwere ndi mabungwe ayi. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja ali kale alimi otheratu. Banja linkakhala ndi minda iwiri: wa kumtunda, womwe ankautcha mphala, wodalira mvula, ndi wa kudimba, womwe ankadzala madzi a mtsinje akaphwera. Mtsinje ukasefukira unkasiya matope achonde, ndiye feteleza wawo anali yemweyo, ndipo chinyontho chinkakhala pansi mpaka m'chilimwe. Mvula ikavuta kumtunda, anthu ankapulumukira kudimba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a Shire anakwera kwambiri n'kumiza madimba ambiri kuchigwako, ndipo mabanja omwe anatsala ndi mphala yokha anaona zakuda chaka chilichonse mvula ikadula.

Mbewu zina zomwe timati n'zathuzathu n'zobwera. Matimati, tsabola ndi chimanga kwawo ndi ku America, zinafika kuno kudzera mwa amalonda Achipwitikizi. Agogo nditawauza kuti kambuzi ndi mlendo anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Titalandira ufulu mu 1964, boma la Kamuzu linamanga masikimu a mthirira monga Likangala ku Zomba, Domasi, Limphasa ku Nkhata Bay, Hara ndi Wovwe ku Karonga komanso Muona ku Nsanje. Akatswiri ochokera ku Taiwan anathandiza nawo ntchitoyi. Koma maso onse anali pa mpunga. Mlimi wa kabichi, anyezi ndi mpiru anatsala ndi chitsime chake cha m'dambo ndi kheni m'manja. Amene munathirirapo mabedi makumi awiri ndi kheni mwezi wa Okutobala mukudziwa: umayamba mbandakucha, ukamafika bedi lomaliza loyamba lija lauma kale, msana uli gwa. Agogo akuti dimba la munthu linkakula molingana ndi kuchuluka kwa ana ake otunga madzi, basi.

Njala ya 2002 ndi yomwe inadzutsa anthu. Boma ndi mabungwe anayamba kufalitsa mathiredo pampu, aja opalasa ndi miyendo, omwe anayambira ku Bangladesh cha m'ma 1980. Munthu mmodzi anatha kuthirira malo omwe kale ankafuna banja lonse. Ena anawasiya kuti ngotopetsa, ena zipangizo zitatha anawaponya kuseri kwa nkhokwe. Kenako kunabwera mapampu a petulo, pano tili pa a sola. Koma apa pali vuto lomwe sitilikamba: tikamapopa kwambiri kwinaku tikulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mtsinjewo umakwiririka ndi mchenga ndipo zitsime zimauma msanga.

Mbiri ya feteleza ndiye yokhotakhota. Nthawi ya Kamuzu alimi ankatenga feteleza pa ngongole kudzera m'makalabu, n'kumagulitsa zokolola ku ADMARC. Ngongolezo zinasokonekera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kwacha inagwa mu 1994, sabuside inachotsedwa, thumba n'kukhala la anthu ochita bwino okha. Mu 1998 boma la Bakili Muluzi linabweretsa sitata paki, kaphukusi ka feteleza ndi mbewu kokwana kachigawo ka munda. Mu 2005 Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi, ndipo mu 2020 kunabwera AIP. Taonani bwinobwino: mapologalamu onsewa mtima wake unali pa chimanga cha dzinja. Wa dimba ankangokokota zotsala m'thumba. N'chifukwa chake mpaka lero ambiri timathira yuriya pa chilichonse, pomwe matimati ukawachulutsira yuriya amangosangalala masamba, zipatso pang'ono. Iwo amafuna manyowa owolerana bwino ndi feteleza wokulitsa pookera, kenako wobereketsa pang'onopang'ono, osati kukhuthula kamodzi. Mitengo itakwera koopsa mu 2021 ndi 2022, anthu anabwerera ku khola: manyowa a Mbeya aja, osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kutsekera m'thumba la pulasitiki masabata atatu.

Tsono pali luso lachitatu lomwe pa msonkhano uja palibe analitchula, kumezanitsa. Kuno tinalizolowera pa mitengo ya zipatso. Mango ndi mapeyala omezanitsa tonse timawadziwa, ndipo ku malo a kafukufuku a Bvumbwe ku Thyolo akhala akugwira ntchito ya zipatso ndi masamba kwa zaka zambiri. Koma zoti ndiwo zamasamba nazo zimamezanitsidwa, ine ndinazimva mochedwa. Alimi a ku Japan anayamba m'zaka za m'ma 1920 kulumikiza mavwende pa mizu ya mbewu za mtundu wa mphonda ndi maungu, pothawa matenda a m'nthaka omwe ankafotetsa mavwendewo. Pambuyo pake bungwe lofufuza za masamba lomwe linakhazikitsidwa ku Taiwan mu 1971, lomwe pano limatchedwa World Vegetable Center, linafalitsa njira yomezanitsa matimati pa tsinde la mabilinganya. Mizu ya mitundu ina ya mabilinganya imapirira matenda ofotetsa komanso madzi odikha, kumtunda n'kumabereka matimati monga mwa nthawi zonse. Alimi a ku Vietnam anaigwira njirayi ndi manja awiri. Zimandipweteka pang'ono kuti a ku Taiwan omwewo anakhala kuno mpaka 2008, koma m'madimba mwathu luso ili silinakhazikike.

Chifukwa chake ndikulimbikira ndi ichi. Mwezi wa Julaye ndi Ogasiti aliyense ali ndi matimati, pa Lizulu ndi pa Jenda madengu ali mbwee, mavenda n'kumatchula okha mtengo. Ndalama ili mu Januwale ndi Febuluwale, pomwe matimati amasowa chifukwa mvula ndi matenda zawapha. Chaka chatha ifenso tinataya theka la mabedi athu m'nyengo yomweyo, feteleza titathira kale. Thumba lija linapita ndi zitsamba zofota.

Ndiye voti yanga ndi iyi: tisonkhere pampu, feteleza tigule theka la thumba lopangira manyowa a Mbeya, ndipo tiyese kumezanitsa pa bedi limodzi lokha. Pamafunika lezala latsopano, timachubu tating'ono togwirira polumikiza, ndi kamthunzi kachinyontho koti mbande zipolere kwa sabata imodzi. Mabilinganya amafesedwa masiku angapo matimati asanafesedwe kuti matsinde afanane kukula. Ndapempha alangizi a zaulimi kuti adzationetse kadulidwe kake komanso mtundu wa mabilinganya woyenera. Amene mukuti feteleza basi, bwerani Loweruka mudzanditsutse, koma mubwere ndi lezala.