Nambala ya Munthu wa ku Mgodi

Amuna amene kale ankatsata msewu wa Zóbuè, napyola Moatize, nawoloka Zambezi pa Tete ulendo wa ku Joni, pofika ku migodi ya golide ankapatsidwa nambala, ndipo nambalayo ndiyo inkakhala dzina lawo m'mabuku a kampani, kaya pa malipiro, kaya kuchipatala, kaya pa tsiku la imfa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakuti fumbi la miyala linkadya mapapo mwakachetechete, ndipo ngakhale lamulo la mu 1912 lidakhazikitsa chipukuta misozi kwa odwala nthenda ya fumbiyo, munthu wakuda ankalandira kandalama kamodzi kokha, kochepetsetsa poyerekeza ndi ka mzungu, pamene iye amene chifuwa chidamgwira atabwerera kale kumudzi, kutali ndi dokotala woti alembe nthendayo, ankatsikira kumanda wopanda kanthu.

Mu 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wa chipukuta misozi cha marandi 5 biliyoni kwa amuna a ku migodi ya golide odwala nthenda za m'mapapo, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust likulipira amene adagwira ntchito ku migodi ina ya golide kuyambira 1965, kapena amasiye awo, komabe limafuna umboni wa ntchito ndi wa nthenda. Inu amasiye, sungani bwino mapepala a malemu anu.