Mwali, Mkazi Wamkulu wa Kalonga

Mwali ndi dzina la udindo wa mkazi wamkulu wa Kalonga, mfumu ya Amaravi, yomwe likulu lake linali ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Silinali dzina la munthu mmodzi. Mwali akamwalira pankasankhidwa wina, ndipo ankachokera kwa Abanda, pomwe Kalonga anali Mphiri.

Ukwatiwu unali pangano la mafuko awiri. Mbiri ya makolo imati Aphiri pofika kuno kuchokera ku Uluba, m'dziko la Congo, anapeza Abanda atakhazikika kale, ali eni nthaka ndi akachisi opemphererako mvula. Aphiri anatenga ufumu, Abanda n'kupitiriza kusunga nsembe. Choncho Mwali sanali mkazi wamba wa mfumu: mvula ikavuta, maso ankaloza ku kachisi wa ku Mankhamba, kumene iye anali ndi mawu. Ena amamusokoneza ndi Makewana wa ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama m'boma la Lilongwe, koma awa anali maudindo awiri osiyana.

Ulemu wonsewo unali ndi malire. Mwana wa Mwali sankalowa ufumu wa bambo ake, poti kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Wobadwa kwa Mwali anali Mbanda basi. Mafumu ankachokera m'mimba mwa Nyangu, mayi kapena mlongo wa Kalonga. Ku Japan zinali zina. Kumenekonso banja limodzi, la Fujiwara, linkapereka akazi kwa mafumu, koma cholinga chinali zidzukulu. Fujiwara no Michinaga anakwatitsa mwana wake Shōshi kwa mfumu Ichijō mu 999, ndipo ana awiri a Shōshi anadzakhala mafumu. Abanda analibe mwayi wotere, n'kutheka kuti n'chifukwa chake Aphiri sankawaopa.

Mafuko awiriwa alipobe lero. M'makomboni a Lilongwe monga Kawale, Biwi ndi Chinsapo, a Nabanda ndi a Naphiri ndi mbwee, ngakhale ana ambiri masiku ano amatenga mfunda wa bambo. Komabe pa chinkhoswe wolankhula amakhalabe malume, mwini mbumba.

Ku Mankhamba, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapezako mikanda yagalasi, minyanga ya njovu ndi mapale a mbale zochokera ku China, ndipo anafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 2020.